Mawu Obwereka

Uthenga unkafika nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse, kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane 7 koloko. Munthu wokonza mawotchi akakukonda ndi mmene zimakhalira. Mzime ankaimva foni ikunjenjemera m'chikwama ali pamzere wa basi, koma sankatsegula mpaka atapeza mpando, poti zokoma sadyera chilili.

Sunali uthenga wofunsa kuti wadzuka bwanji ngati wa amuna ena onse. Unali mzere umodzi, nthawi zina iwiri, ya mawu a chikondi. Lero: "Kumene mtima wakhala, miyendo siifunsa mtunda." Mawa: "Chikondi si moto wa mapepala, ndi khala lomwe umalipeza m'mawa likadali lamoyo." Miyezi isanu ndi iwiri yathunthu, mnyamatayo osabwereza mawu ngakhale tsiku limodzi.

Chodabwitsa chinali chakuti pamaso Wamawotchi anali munthu wa pakamwa polemera. Kashopu kake kanali pansi pa masitepe a nyumba ya mashopu ambirimbiri, kongokwana iye, mpando ndi kabati ya galasi. Mzime ankagwira ntchito pamwamba pake penipeni, kwa telala, komwe ankapeta maluwa ndi mayina a anthu pa nsalu za pabedi ndi za patebulo. Akatsika masana kukamuona, mawu ankachita kumukoka ngati ulusi wokodwa m'makina. Mzime anangoti anthu ena pakamwa pawo pali m'zala, n'kumukonda choncho.

Kwa telala mauthengawa anasanduka tiyi wa m'mawa. Atsikana anzake sankayatsa makina asanamve za lero, ndipo aliyense anali ndi mawu ake apamtima. Wina ankafera aja akuti "Wokondedwa akachedwa, ngakhale mpando umaoneka wamasiye." Wina anakakamira aja akuti "Usandilonjeze zaka, ndipatse Lachiwiri lino," mpaka anawatumiza kwa chibwenzi chake, chomwe chinayankha kuti Lachiwiri chili pantchito. Mzime ankaseka nawo, koma mumtima ankanyada. Mwa onsewo, wolemberedwa anali iye.

Achemwali ake, omwe ankakhala nawo nyumba imodzi chithereni ukwati wawo, sankatengeka nazo. Ankati alamu ake a Mzime aja nawonso ankalemba makalata oti munthu n'kuiwala mphika pamoto, koma tsiku lochoka sanasiye ngakhale kapepala. Iwo mawu awo anali amodzi okha, akuti wokukonda ndi amene amatsala alendo akapita n'kukuthandiza kutsuka mbale. Komabe madzulo aliwonse ankafunsa, nkhope ili kumbali, kuti lero walemba zotani wakoyo.

Vuto linali kwa amayi ake a Wamawotchi. Iye anabadwa yekha, bambo ake anamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo anamuuza Mzime mosabisa kuti sangakwatire mkazi amene amayi ake amukana. Amayiwo anali atasankha kale wawo, mwana wa mnzawo wa paubwana, mtsikana wa shopu ya fotokope yoyang'anizana ndi masitepe omwewo. Patatha miyezi ya kunyengerera, anavomera kuti Mzime akaonekere Lamlungu lina, pakatha masabata awiri.

Mzime sanafune kupita chimanjamanja. Anagula nsalu yoyera ya patebulo, n'kukhala nayo masabata awiri pa nthawi ya nkhomaliro, akupeta ndi ulusi wabuluu mawu amene iye anawakonda koposa onse: "Nyumba ndinali nayo ndisanakudziwe, koma kwathu ndakupeza mwa iwe." Ankafuna amayiwo aone zinthu ziwiri pansalu imodzi, luso la manja ake ndi mtima wa mwana wawo. Za mphatsoyi sanamuuze Wamawotchi.

* * *

Lachisanu, ulendo utayandikira, Mzime anakumana ndi Wafotokope pa masitepe. Mtsikanayo anali wokongola, izi Mzime sankatsutsa, ndipo ankadziwa kumwetulira kwinaku akukupima kuyambira tsitsi mpaka nsapato. Anati wamva kuti Lamlungu kuli ulendo, n'kumufunira zabwino ndi mawu onse oyenera. Kenako anati wamvanso kwa atsikana a kwa telala kuti masiku ano pansi pa masitepe pakutuluka ndakatulo.

"Ine ndiye ndikudabwa, asisi," anatero. "Munthu uja tinaphunzira limodzi. Chimangirizo ndinkamulembera ndine, iye n'kumandiwerengera masamu. Mizere itatu yokha ankatuluka nayo thukuta. Mwina ndi mphamvu ya chikondi, kaya."

Mzime anayankha kuti anthu amakula, n'kupitirira. Mawuwo anamulasa, koma anadziuza kuti nsanje siisowa chonena.

* * *

Pabalaza pa amayiwo panali paukhondo wochititsa mantha. Mbale za m'kabati zinkaoneka kuti chigulireni sanadyeremo munthu, ndipo pakhoma panali mawotchi atatu, onse olondola, ndi chithunzi cha malemu atavala tayi. Amayiwo anali aang'ono thupi, a maso osaphethiraphethira. Anamufunsa Mzime za makolo ake, za ntchito, za komwe amakhala, mafunso otsatana ngati a pa fomu ya kuchipatala. Atamva kuti achemwali ake ukwati unatha anangoti "oo", n'kumuthirira tiyi wina.

Tiyi atatha, Mzime anatulutsa mphatso ija n'kuipereka ndi manja awiri. Amayiwo anaitambasula pamiyendo. Anayamba n'kuitembenuza kuti aone kuseri, monga amachitira akazi odziwa singano, ndipo anagwedeza mutu posapeza mfundo ngakhale imodzi. Kenako anavala magalasi n'kuyamba kuwerenga, milomo ikuyenda. Sanafike kumapeto.

"Mawu awa wakupatsa ndani?"

"Ndi a mwana wanu, amayi. Amandilembera m'mawa uliwonse."

Amayiwo anayang'ana mwana wawo. Wamawotchi anali atazolika, akupotokola lamba wa wotchi yake. Amayiwo anaipinda nsaluyo kanayi, mawu ali m'kati, n'kuiika pampando osati patebulo. Anati mutu wayamba kuwapweteka, akagone kaye, ndipo mlendo asaiwale katundu wake potuluka. Chitseko cha kuchipinda anachitseka mwaulemu, ndipo ulemu umenewo unamuwawa Mzime kuposa mbama.

* * *

Awiriwo anayenda mpaka pokwerera basi. Pamenepo Mzime anaima n'kunena kuti sakwera basi iliyonse asanamve chimene walakwa.

Wamawotchi anaulula. Mawu aja sanali ake. Bambo ake nawonso anali wokonza mawotchi, ndipo atamwalira anamusiyira bokosi la zipangizo. Chaka chatha akufunafuna kachitsulo kena anatukula thireyi ya pansi, n'kupeza kope la chikuto chakuda lodzaza mawu a chikondi, zolemba za bambo ake, tsamba lililonse lili ndi deti. Iye anati anali mawu amene bambo ake ankalembera amayi ake. Sanawauze amayiwo kuti walipeza poopa kuwadzutsira maliro. Ndiye atayamba kumufuna Mzime, n'kuona kuti pakamwa pakukanika, anangotsegula tsamba loyamba.

"Ndiye kuti miyezi yonseyi ine ndakhala ndikufunsiridwa ndi malemu?"

"Sindinanenepo kuti ndi anga."

"Sunanenenso kuti si ako. Ndaboola zala masabata awiri, ndakaima pamaso pa amayi ako n'kuwanamiza ndi mtima wonse. Tsopano ndiuze ako. Pompano. Mzere umodzi wokha."

Wamawotchi anayang'ana msewu, anayang'ana nsapato zake. Basi inabwera, inanyamula anthu, inapita.

"Ine zokometsera sinditha," anatero pomaliza. "Ndimangodziwa kuti umadutsa pa masitepe nthawi ya 7:40. Ikakwana 7:50 usanadutse, ndimasiya wotchi ya munthu ili chitsegulire n'kukaima pakhomo."

Mzime anakwera basi yotsatira, nsalu ili m'khwapa. Anali atakwiya zenizeni, komanso ankadziwa kuti mawu amenewo sadzawaiwala.

* * *

Lolemba uthenga unafika nthawi yake. Unati: "Kuli mitambo. Tenga ambulera." Atsikana a kwa telala atafunsa za lero, Mzime anati foni yavuta, ndipo makina anayatsidwa mwakachetechete. Lachiwiri kunabwera wina: "Sitepe yachitatu yathyoka, uponde bwino."

Achemwali ataona mauthengawo anaseka mpaka kutsamwa. Anati tsopano ndiye wapeza mwamuna, poti uyu ndi woti angakumbukire kugula babu ikapsa. Kenako anasiya kuseka n'kumufunsa ngati akumufunabe munthuyo popanda ndakatulo zake. Mzime anaganiza nthawi yaitali, akusomola ulusi pa siketi yake, n'kuvomera. Achemwali anati ngati ndi choncho asadikire kuti mnyamatayo akakonze zinthu kwa amayi ake, chifukwa mwamuna pamaso pa mayi ake ndi mwana basi. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, apite yekha.

Lachitatu Mzime anaona Wafotokope akutseka shopu masana atanyamula jumbo ya zipatso, ndipo sanafunikire kufunsa komwe zikupita. Lachinayi anapempha abwana ake kuti aweruke msanga.

* * *

Anawapeza amayiwo akusita pakhonde la kuseri. Sanadabwe kumuona. Anamulozera mpando, n'kupitiriza kusita malaya a mwana wawo pamene iye ankapepesa. Mzime anati sankadziwa kuti mawuwo anali a malemu, ndipo akanadziwa sakanagwira chinthu chimene bambo analembera iwo okha.

Amayiwo anaimika simbi.

"Anakuuza kuti analembera ine?"

"Eya, amayi."

"Tawanenanso mawu aja."

Mzime anawanena motsitsa.

"Nyumba ndinali nayo ndisanakudziwe," amayiwo anabwereza. "Nyumba yakeyo ndi ino, mwanawe. Ine ndinali muno, wakoyo ali kumsana."

Anafotokoza popanda misozi, ngati akunena za munthu woyandikana naye nyumba. Mwana ali ndi chaka chimodzi, malemu anapita kukagwira ntchito kutali, n'kukhalako zaka ziwiri. Atabwerera, iwo analipeza kopelo m'sutikesi potulutsa zovala zoti achape. Madeti onse anali a zaka ziwiri zomwezo. Tsamba lina linkatamanda mpata wa m'mano, lina dzanja lamanzere logwira kapu. Apa amayiwo anamuonetsa Mzime mano awo, othithikana bwinobwino, n'kutukula simbi ndi dzanja lamanja. Anati zaka makumi atatu ndi chimodzi za ukwati, mwamunayo sanawauzepo mawu amodzi otere. Sopo ankabwera naye, mwana sanapitikitsidwepo kusukulu, mawotchi a m'nyumba sankaima. Iwo analibwezera kopelo m'sutikesi ndipo sanafunse kanthu mpaka kumuika m'manda. Maliro atatha analifunafuna kuti alitenthe, osalipeza.

Mzime anafunsa ngati mwana wawo sanaone za mano ndi za dzanjazo powerenga. Amayiwo anati mwana amaona zimene akufuna kuona, makamaka pa bambo ake.

"Ndiye tangoganiza. Mwana wanga yemwe akundibweretsera mkazi, mkaziyo wanyamula mawu omwewo kuti ndizidyerapo."

Mzime anasowa poyika maso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anakumbukira aja akuti usandilonjeze zaka, ndipatse Lachiwiri lino, ndipo tsopano anawamva bwino kuti anali mawu a munthu woba nthawi. Anachita manyazi, ndipo kwa nthawi yoyamba anawamvera chisoni amayiwo m'malo mowaopa.

Amayiwo anati sikuti ankamuda iye. Ankafuna mwana wa mnzawo uja poti anamudziwa ali m'matewera, basi. Koma mtsikanayo, anatero, anatenga pakamwa pa mayi ake, chimene wamva m'mawa chimafika kumsika dzuwa lisanatenthe. Dzulo anabwera ndi zipatso n'kukhala maola awiri akukumba chimene chinachitika Lamlungu, ndipo anabwerera ndi jumbo yopanda kanthu ndi makutu opanda kanthu.

"Iwe wabwera wekha, ndipo ntchito yako ndi yoyera kuseri komwe. Ndikupempha ziwiri. Mwana wanga asadziwe. Ntchito ya manja ake, mayendedwe ake, zonse anatengera bambo ake, ndipo akamva izi sindikudziwa chimene chidzatsale mwa iye. Chachiwiri, undibweretsere kopelo m'manja mwanga. Ine ndikamupempha andifunsa chifukwa, ndipo kumunamiza sinditha. Ukatero, ubwere ndi achemwali akowo tidzakambirane za tsiku."

"Ndikulonjeza, amayi."

"Usalonjeze msanga. Ine ndasenza zaka makumi atatu, kulemera kwake ndikukudziwa."

"Ndalonjeza."

Amayiwo anamuyang'ana kanthawi. Kenako anapinda malaya aja n'kumupatsa kuti akamupatsire mwini wake.

* * *

Lachisanu m'mawa Mzime anaima pansi pa masitepe n'kuika malaya pa kabati ya galasi. Wamawotchi anachotsa kagalasi kake m'diso, anayang'ana malayawo, anazindikira kapindidwe kake, nkhope yonse n'kumasuka. Anafuna kumva chilichonse. Mzime anati amayi akhululuka, basi, n'kupempha mwanthabwala kuti amubwereke kope lija, aone nawo zolemba za munthu amene anamufunsira.

Wamawotchi anaseka, ndipo tsiku limenelo mawu sanachite kukokedwa. Anati sabata yonse wakhala akuganiza, ndipo waona pomwe analakwa. Amayi anakwiya chifukwa iye anatenga chuma chawo n'kumachigawa mobisa ngati wakuba. Ndiye wakonza zobweza ulemu. Lamlungu likubwerali ndi tsiku lomwe bambo anamwalira, ndipo abale a mbali zonse ziwiri adzakhala kunyumba monga amachitira chaka chilichonse. Iye adzaimirira n'kuwerenga kope lonse pamaso pawo, kuti aliyense amve mmene bambo ankawakondera amayi. Aliyense adzapita kwawo ndi kabuku kake.

"Kabuku kanji?"

"Ndalipereka dzulo kuti alitaipe. Timabuku makumi anayi. Pachikuto padzakhala chithunzi cha ukwati wawo."

"Walipereka kwa ndani?"

Funsolo linali lachabe. M'nyumba yonseyo munali shopu imodzi yokha ya ntchito imeneyo.

Mzime anayesa. Anati bwanji awafunse kaye amayi, anthu ena sakonda kuti za mumtima mwawo ziwerengedwe pagulu. Wamawotchi anati akawafunsa akana chifukwa cha manyazi, amawadziwa, ndipo chinthu chimodzi chokha chachikulu chimene angawachitire asamuletse. Anamuyang'ana ndi maso a munthu amene wachita chabwino, n'kufunsa ngati pali chifukwa china. Chifukwa chinalipo, chili pakhosi penipeni. Mzime anachimeza n'kunena kuti palibe.

Anawoloka kupita ku shopu ya fotokope. Panjira yaifupiyo anakonza bodza lakuti mwini wake wamutuma adzatenge kopelo, pali tsamba loti aonenso. Anamupeza Wafotokope ali pa kompyuta, kope la chikuto chakuda lili chitsegulire pambali pake, chala chili pamzere. Sankataipa. Ankawerenga pang'onopang'ono, n'kumabwerera m'mbuyo kukaona madeti. Atamva bodzalo anamwetulira, anatseka kopelo, analiika m'dirowa n'kukhoma.

"Ntchito ya kasitomala imatuluka ndi mwini wake, asisi. Koma mwabwera bwino, poti inu mwawaona posachedwa amayi aja." Anaponya kiyi m'chikwama. "Kodi ali ndi mpata m'mano? Ine sindikuukumbuka. Kapena ndikawafunse amayi anga madzulo ano, poti anakulira limodzi?"

Mzime anacheuka. Kuseri kwa galasi la shopuyo, pansi pa masitepe, Wamawotchi anali atakweza dzanja, akumwetulira kwa onse awiri.